Galimoto Yodzitseka Yokha

Pali kaphokoso kena kamene sindinakazolowere mpaka lero. Ndikakhala pa msika wa pa boma la Ntcheu ndikusankha tomato, wina n'kudina kalimoti ka galimoto yake, n'kumveka tswi-tswi kenako khwa, maloko onse atsekeka pamodzi, ine ndimadzidzimuka. Anzanga amandiseka kuti mayi wamkulu ngati ine ndikudzidzimuka ndi zinthu zimene ngakhale nkhuku za pa msika sizidzutsa nazo mutu. Aziseka, sakudziwa. Kaphokoso kameneka kamandibwezera ku Biriwiri, chilimwe chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kamabwera ndi fungo lake: waya wopserera, tepi yakuda, ndi dothi la mbatata ya kachewere limene linalowerera m'mipando ya galimoto ya bambo anga.

Chaka chimenecho n'chimene bambo anabwerako ku Joni kotheratu. Anakhalako zaka zisanu ndi chimodzi akugwira ntchito m'mafamu, kumangobwera masabata awiri pa Khrisimasi. Ife tinkadziwa mmene anthu a ku Joni amabwerera: masutikesi, mabulangete onenepa, wailesi yomveka mpaka kutsidya, nsapato za ana. Athu anafika masana ena ali okhaokha, akuyendetsa galimoto yakale yotuwa, chitseko chimodzi chakumbuyo chili chamtundu wina. Mkatimo munali chikwama chimodzi cha zovala ndi chigubu cha madzi, basi. Amayi anasuzumira m'buti n'kutsekamo. Bambo anali ataonda, khosi litatalika, ndipo ukawadzera kumbuyo ankatembenuka mwadzidzidzi ngati wawabaya ndi singano. Ine ndinayamba kuwaopa pang'ono tsiku lomwelo. Mchimwene wanga wamng'ono Yamikani, amene anali ndi zaka ziwiri ndi theka, ankangowathawa n'kudzabisala m'miyendo mwanga.

Galimotoyo inayamba kutidyetsa. M'mawa kukali nkhungu bambo ankapakira matumba a kachewere ndi kabichi m'buti, pa mpando wakumbuyo ndi padenga pomwe, n'kupita nawo ku boma, matayala akumbuyo atamira. Koma inkawasowetsanso mtendere. Kwathu kuja malire ndi msewu womwewo: uku ndi kwathu, ukadumpha phula uli ku Mozambique. Anthu ankakamba za galimoto ya wogula mbatata wina imene inasowa dzuwa likuswa mtengo, mwini wake ali m'dimba kukambirana ndi alimi. Kaya zinali zoona kaya zabodza, bambo anazimeza zonse. Akamadya ankakhala choyang'ana pabwalo, ndipo ku tchalitchi anasamukira pa benchi ya pafupi ndi zenera. Tsiku lina, mphepo ya Ogasiti ikuulutsa makoko a chimanga pabwalo, anabwera kuchokera ku boma ndi kakatoni m'khwapa, akumwetulira kwa nthawi yoyamba. Anati ndi alamu, ndipo aiika okha, chifukwa makaniko amene wakuikira alamu ndi yemweyo amadziwa poidulira.

Ntchitoyo inatenga masiku atatu. Anayala mphasa pansi pa mtengo wa pichesi n'kukhuthulirapo zonse za m'kakatonimo: mawaya amitundumitundu opotana ngati matumbo a nkhuku, kabokosi kakuda, chihutala, kababu kofiira, ndi timamota tinayi totalika ngati chitsononkho. Galimoto yathu inali yamakedzana, yoti chitseko chilichonse chinkakiyidwa pachokha ndi dzanja, ndiye bambo anayenera kusupula zikuto zamkati mwa zitseko zonse kuti aike kamota m'chitseko chilichonse. Ndi pamene ndinaona kuti mkati mwa chitseko cha galimoto ndi mphako chabe, muli dzimbiri, akangaude ndi tizitsulo topyapyala topita ku loko. Ankaboola ndi msomali, kumangirira kamota, kenako kulumikiza kachitsulo kake ku kachitsulo ka loko. Mawaya ankawadutsitsa pamene chitseko chimapindikira, akuwasenda ndi mano, kuwapota ndi kuwakulunga ndi tepi yakuda. Pepala la malangizo analitsindira ndi mwala kuti lisauluke, ndipo ankaliwerenga milomo ikugwedera, chala chikutsatira mizere. Ine ndinkaonerera ndili pakhonde, Yamikani ali kumsana. Kuyandikira kunali koletsedwa, ngakhale kwa amayi.

Tsiku lachiwiri kunatuluka utsi pansi pa chiwongolero, bambo n'kudumpha kukazula waya ku batire, ndipo fungo la kupserera lija linakhala m'galimotomo mwezi wathunthu. Tsiku lachitatu anaitana oyandikana nafe kuti adzaone. Anadina batani lotsekera, maloko n'kutseguka. Anadina lotsegulira, maloko n'kutsekeka. Anali atasemphanitsa mawaya awiri, wobiriwira ndi wabuluu. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, amayi n'kuwonjezera kuti galimotoyo yatengera makani kwa eni ake. Bambo sanaseke nawo. Anasintha mawaya aja, ndipo ulendo uno zonse zinamvera: tswi-tswi, khwa. Kenako anamenya tayala ndi phazi, ndiye kunabuka chiphokoso choti chibadwire ndinali ndisanachimvepo, kulira kosinthasintha, pena ngati ambulansi, pena ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Agalu anathawira kuseri kwa khola. Yamikani anandikodzera kumsana.

Chimene bambo ankanyadira kwambiri chinali chakuti galimotoyo inkadzitseka yokha. Ukatseka chitseko chomaliza n'kuwerenga mpaka makumi atatu, maloko ankagwa okha ngakhale palibe wadina kanthu, ndipo anazionetsa anthu kangapo, manja atapinda kumbuyo. Asanabwezeretse zikuto za zitseko anachitanso china. Anapotokola n'kuchotsa timitu tinayi takuda timene timaima m'mphepete mwa galasi, timene munthu wamkati amakoka kuti chitseko chokiya chitseguke. Tizitsulo take anatipindira mkati, mabowo n'kuwamata ndi tepi. Amayi, amene ankasenda mbatata pafupi ndi ine, anafunsa kuti nanga munthu ali mkati azituluka bwanji.

"Ali mkati ali ndi kiyi," anatero bambo. "Inu akuba simukuwadziwa. Amalowetsa waya pamwamba pa galasi n'kukola kamutu aka ngati akuwedza nsomba. Ndinaziona ndi maso angawa."

Timitu tija anatiponya m'chitini cha misomali, amayi n'kupitiriza kusenda mbatata.

Kuyambira pamenepo pakhomo pathu panali ngati pafika mlendo waukali. Kababu kofiira kankaphethira pa dashibodi tsiku lonse, ndipo ine ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti kamandiona. Alamu inkalira mbuzi ikadzikanda pa bampala, inkalira chilole chikadutsa pa msewu, inkalira ngakhale kapichesi kosapsa kakagwera padenga. Ikangolira, bambo ankatulukira kuchokera kulikonse kumene anali, khasu m'manja, maso ali psuu. Anauza ana tonse a pamudzi kuti amene adzakhudze galimotoyo adzaona chimene chinameta nkhanga mpala. Ine ndinachiona. Tsiku lina ndikusesa, tsache linagunda chitseko, alamu n'kubuka, ndipo bambo anandikwapula m'miyendo ndi kanthambi ka pichesi, iwo amene anali asanandimenyepo. Kupweteka kwake sikunali kwenikweni. Chimene chinandiopsa chinali nkhope yawo, imene inkaoneka yamantha kuposa ine womenyedwa. Kuchokera tsiku limenelo, ndikatumidwa kuseri kwa nyumba ndinkazungulira kutali, kudzera ku khola la nkhumba.

Mu Okutobala tinatsikira ku Sharpevale, kwawo kwa amayi, kukamanga chiliza cha agogo aamuna amene anamwalira chaka chapitacho. Ife a kumapiri kutentha sitikudziwa, timangomva. Titangotsika chitunda mphepo inasanduka mpweya wa mu uvuni wa njerwa, nyenje zikulira m'mitengo mosalekeza, nthaka ikuwotcha kupyola m'masilipasi. Madzi akumwa ankakhala ofunda ngakhale a mumtsuko. Bambo, monga mkamwini, anabweretsa simenti, ndipo anaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya amalume. Ana a kumeneko anali asanaonepo galimoto yolira ikakhudzidwa. Ankabwera chozemba, kuimenya kambama n'kuthawa akuseka, bambo n'kumathamanga ndi kalimoti m'manja, akukalipa. Tsiku loyamba akuluakulu ankadzidzimuka. Pofika tsiku lachiwiri palibe ankatembenuka, ankangoti, "Ayambanso ana aja," n'kupitiriza kutakasa thobwa.

Tsiku lomanga chilizalo amuna ananyamuka dzuwa litakwera pang'ono, amayi ndi abale awo a bere limodzi n'kutsatira ndi ndowa za madzi pamutu. Kumanda kunali kutali ndithu, kutsidya kwa khwawa, ndipo ana sitinkaloledwa kupondako. Bambo anatsegula galimoto, anavula jekete lawo la ku tchalitchi kuti lisade ndi simenti n'kuliponya pa mpando wakutsogolo, kenako anatulutsa fosholo pa mpando wakumbuyo. Amalume anawasenzetsa thumba la simenti la m'buti. Akunyamuka, atawerama ndi katunduyo, anandikuwira osatembenuka kuti, "Enelesi, kankha chitseko icho, idzitseka yokha!" Chinali chitseko chakumbuyo chamtundu wina chija, chimene chinatsala chotsegula.

Ine ndinali nditatopa, ndisaname. Yamikani anali atagona kumsana kwanga, wolemera ngati thumba la mchenga, thukuta lake ndi langa litanyowetsa chitenje. M'nyumba munali modzaza mitsuko ya thobwa ndi katundu wa alendo, pakhonde padzuwa. Kutsogolo kwa nyumba asuweni anga anali atayamba fulaye ndipo ankandiitana dzina. Ndinayang'ana mpando wakumbuyo uja, uli pamthunzi, wofewa, wopanda munthu. Ndinati ndimugoneke pang'ono chabe, ndikaponye mpira kawiri ndibwere. Ndinamutsitsa bwinobwino, sanadzuke, anangotafuna milomo. Kenako ndinakankha chitseko monga anandiuzira bambo, poopanso kuti mbuzi zingalowemo. Ndisanakhote pa ngodya ya nyumba ndinamva kumbuyo kwanga: tswi-tswi, khwa.

Ndinaima. Ndinadziwa chimene chachitika, musaganize kuti sindinadziwe. Bambo ankaonekabe chapatali m'kanjira, thumba paphewa, ndipo ndikanakuwa akanamva. Koma ndikanati chiyani? Kuti ndalowetsa mwana m'galimoto imene sindiloledwa ngakhale kuigunda ndi tsache? Miyendo yanga inakumbukira kanthambi kaja. Ndinadziuza kuti mwana wagona, pali mthunzi, bambo abwera posachedwa kudzatenga thumba lachiwiri, ndiye akadzangotsegula ine ndidzamutulutsa mwakachetechete iwo asakuona. Ndinapita ku fulaye. Zengerezu analinda kwawukwawu, amatero akuluakulu, ndipo ine ndinasewera ndithu, ndinadzaza botolo ndi mchenga kawiri konse, mtima uli m'mwamba. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinangoona kuti mthunzi wa nyumba umene tinkaseweramo wafupika mpaka kutha, ndiye ndinakumbukira mwana uja, mpira n'kundimenya pamsana osaumva.

Nditazungulira kuseri ndinapeza mthunzi wa mango utasamuka. Galimoto yonse inali padzuwa, denga likuthobwa m'maso. Yamikani anali ataimirira pa mpando, zikhatho zili pa galasi, nkhope itanyowa, akulira kulira kosamveka bwino kunja. Atandiona anayamba kukoka chogwirira cha chitseko monga ankaonera akuluakulu. Sichinatseguke. Ine ndinagwira chakunja, chinandiwotcha, ndinakoka, ndipo pomwepo alamu inabuka. Mayo ine! Mwana anagwira makutu n'kugwera pansi pakati pa mipando. Nditasuzumira kutsogolo ndinaona jekete la bambo, m'thumba mwake mukutuluka kachingwe kachikopa ka makiyi. Ndiye kuti bambo kumanda kuja analibe kiyi, ndipo ngakhale akanabwera sakanatsegula. Ndinamenya galasi ndi zikhatho ndikukuwa kuti Yami, pita kutsogolo, tenga kalimoti, dina! Akanandimva bwanji m'chiphokoso chimene chija? Ndikamenya galasi alamu inkayambiranso, ndipo ikayambiranso iye ankadzipanikiza pansi kwambiri.

Ndinathamangira kumene amayi a pamudzi ankaphika. Ndinawapeza akuseka, wina akuti ana a masiku ano makutu ndi zokongoletsera mutu. Ndinagwira chitenje cha a Nambewe, akazi awo a amalume, n'kungoti, "Mwana ali mkati." Anataya chipande pansi. Posakhalitsa galimoto inazunguliridwa ndi amayi oposa khumi ndi agogo ena aamuna amene miyendo inawakaniza ulendo wa kumanda. Aliyense ankakoka chitseko chake. A Nambewe anaimbira foni bambo, ndipo alamu itapuma pang'ono tonse tinaimva foniyo ikulira m'jekete lomwe lija. Ya amalume sinkapezeka, ndiye anatuma munthu panjinga. Agogo aja anadula waya woyanikapo zovala, anaupinda ngati mbedza, n'kuulowetsa pamwamba pa galasi mwaluso ndithu. Utalowa anaima, n'kuyandikitsa nkhope. "Kodi timitu take tili kuti?" anafunsa. Panali mabowo okha, omata ndi tepi yakuda.

Wina anati tiswe galasi. Onse anavomera ndi pakamwa, koma palibe anatola mwala. Anthu amenewo ndawaganizira zaka zambiri ndipo lero sindiwada, koma tsiku limenelo ndinawada ndi mtima wanga wonse. Inali galimoto ya mkamwini, mlendo pamudzi, munthu amene wabweretsa simenti ya chiliza, amenenso masiku awiri onse anamuona akuthamangitsa ana chifukwa chongoikhudza. Ndani akanayamba? "Tidikire eni ake, ali m'njira," anatero agogo a waya aja. Amayi ena anayamba kuthira madzi padenga, madziwo n'kumauma tikuona. Ena anayala zitenje pa magalasi kuti dzuwa lisalowe, ena anagwada n'kuyamba kupemphera mokweza. Ine ndinakweza kansonga ka chitenje china n'kusuzumira. Yamikani anali atasiya kulira. Anagona chammbali pansi paja, kukamwa kuli yasa, maso otseguka pang'ono koma osayang'ana kanthu, ndipo alamu italiranso sanagwire makutu.

Sindikumbukira kuti ndinaganiza chilichonse. Ndimangokumbukira munsi umene unatsamira pa mtondo pafupi ndi nkhokwe, wosalala, wolemera, wotalika kuposa ine. Kusinja ndinkadziwa, mwana wamkazi wa ku Biriwiri amaphunzira asanayambe sukulu. Ndinapita ku galasi la mbali ya dalaivala, kutali ndi kumene mwana anagona. Ndinamva wina akukuwa kuti, "Iwe, bambo ako akupha!" ndipo ndinadziwa kuti akunena zoona. Kumenya koyamba munsi unangodumpha n'kundigwedeza mano. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu ndinalunjika m'mbali, ndikulira mokuwa, ndipo galasi lonse linayera n'kukhuthukira mkati ngati mchere wa miyala. Mpweya umene unatuluka pamenepo unandimenya kumaso ngati ndavundukula mphika wowira. A Nambewe anandikankhira pambali, analowetsa mkono n'kukoka jekete, n'kusololamo makiyi, koma podina sankapadziwa. Ndinawalanda kalimotiko n'kudina. Maloko anatseguka, chiphokoso chonse chinatha, kunangotsala nyenje.

Anamutulutsa ali lende, thupi lotentha ngati mbatata yootcha, n'kumugoneka pamthunzi, akumuthira madzi ndi kumukupiza ndi lichero. Nthawi imeneyo ndi imene bambo anatulukira akuthamanga, nsapato imodzi itatsala m'njira, manja atatuwa ndi simenti, amayi ali pambuyo akulira ngati maliro achitika kale. Ine ndinali chiimire pafupi ndi galasi loswekalo, munsi uli pamapazi anga, ndikudikira. Bambo anayang'ana mwana, anayang'ana galasi, anayang'ana ine. Kenako maso awo anakaima pa waya wa agogo uja, umene unali ukulendewerabe pa chitseko, mbedza yake ili pamwamba pa kabowo komata ndi tepi. Ananyamula Yamikani n'kumupereka kwa amayi, anakhalira magalasi osweka osawasesa n'komwe, ndipo ananyamuka kupita ku chipatala cha pa Sharpevale. Ine anandisiya. Ndinakabisala kuseri kwa nkhokwe mpaka dzuwa kupendeka, ndikupempha Mulungu kuti Yami asafe, ndipo ngati afa, nanenso ndife bambo asanabwere.

Anabwera dzuwa lili pafupi kulowa, Yamikani ali pamiyendo pa amayi, wofooka, padzanja pali bandeji pamene anamuikira diripi, akuyamwa chala. Atandiona anatambasula manja kuti ndimubereke. Amayi anandikalipira mpaka mawu kusasa, kenako anandikokera pachifuwa pawo n'kulira nane. Chikwapu cha bambo ndinachidikira tsiku limenelo, mawa lake, sabata yonse. Sichinabwere. Titabwerera ku Biriwiri anayalanso mphasa pansi pa pichesi, anasupula zitseko zonse zinayi, anazula timamota, kabokosi kakuda, chihutala ndi kababu kofiira kaja. Anakhuthula chitini cha misomali pansi n'kumafufuza ndi chala mpaka atapeza timitu tonse tinayi. Pa zenera losweka anamatapo pulasitiki ya m'thumba la feteleza, ndipo inakhala pomwepo mpaka mvula kugwa, ikumachita phapapa galimoto ikamayenda. Kwa miyezi yambiri sankandiyang'ana m'maso. Akafuna madzi ankauza amayi kuti andiuze. Ine chifukwa chake ndinkachidziwa: ndinaswa galimoto yawo, ndipo pulasitiki ija inkawakumbutsa tsiku lililonse.

Ndinakhulupirira zimenezo mpaka kukula. Ndi amayi amene anadzandiuza, ndili kale pabanja, kuti ku Joni kuja anthu a kumeneko ataukira alendo, chipinda cha bambo chinatenthedwa pamodzi ndi zonse zimene anasonkhanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, mabulangete athu, wailesi yathu, nsapato zanga za kusukulu. Iwo anapulumuka chifukwa anali m'galimoto ija, ndipo anakhalamo masiku angapo atadzikiyira, akuona anthu akuyesa zitseko. Anandiuzanso kuti tsiku la ku Sharpevale lija, ali panja pa chipatala, bambo anakhala pansi m'fumbi n'kumayang'ana manja awo a simenti, akubwerezabwereza kuti, "Ndinamukhomera mwana wanga bokosi ndi manja angawa." Za ine anangonena kuti sakudziwa kuti azindiyang'ana bwanji.

Bambo nkhaniyi sanaiyambepo, inenso ayi. Chaka chatha ine ndi amuna anga tinagula kagalimoto kathu, ndipo tinapita nako ku Biriwiri kukawaonetsa, mwana wathu wamkazi wa zaka zitatu ali kumbuyo. Yamikani, amene tsopano ndi chimunthu chachitali cholima kabichi, anathamangira kukatsegula boneti. Bambo akalamba, amayendera ndodo. Za injini sanafunse. Anatsegula chitseko chakumbuyo, anakhala pafupi ndi mdzukulu wawo n'kutseka, kenako anandikodola kuti ndidine. Ndinadina. Tswi-tswi, khwa. Ndinawaona kudzera pa galasi akugwira kadzanja ka mwanayo, akukasonyeza pokankha ndi pokoka, n'kumusiya kuti achite yekha. Chitseko chinatseguka, alamu inalira, ndipo iwo sanadzidzimuke n'komwe. Nditaizimitsa anatuluka pang'onopang'ono, anatsamira ndodo n'kundiyang'ana m'maso nthawi yaitali ndithu.

"Iyi ili bwino, Enelesi," anatero. "Komabe munsi uja usamausiye kutali."

Tinaseka tonse awiri, ine misozi ili m'maso. Zaka zonse zija ndinkadikira chikwapu, osadziwa kuti chimene bambo ankalephera kundipatsa chinali mawu amenewa.